Maliro a Mnansi: Kukumbukira Samora Machel Patsinde pa Phiri la Chambe



Aliyense wobadwira kuno ku Chambe adziwa kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye, nkhungu ikatsika ndi kuphimba thanthwe lalikulu lija la phiri lathu, kamvula kowaza n'kuyamba kunyowetsa tiyi ndi omthyola omwe, timati kwagwa chiperoni. Koma si onse adziwa kuti dzinali ndi la phiri lina, la Chiperone, limene lili tsidya lija m'chigawo cha Zambézia, kumene mphepoyo ichokera. Ngakhale kuzizira kwathu timachita kulandira kuchokera ku Mozambique. Ndipo monga mphepo sidziwa malire amene Angerezi ndi Apwitikizi analemba papepala m'chaka cha 1891, magazi nawonso sawadziwa, pakuti ambiri a ife tikafunsa agogo kumene makolo awo anachokera, adzaloza kuseri kwa phiri, kumene Alhomwe anathawa chibalo cha Mpwitikizi ndi msonkho wake, nadzagwa m'manja mwa thangata m'minda ya azungu ya kuno ndi ya ku Thyolo. Chibale ndi fupa, sichiola.

Munthu amene tasonkhanira lero sanali Mmalawi, sanatilamulirepo, ndipo, ndinene poyera pamaso pa mafumu, anamwalira ali wokwiya nafe. Koma kwathu kuno maliro akagwa, ngakhale malemuyo munalimbirana naye malire a munda, ngakhale munatukwanizana dzulo lake lomwelo, simukhala pakhonde n'kumatong'ola chimanga anzanu akulira. Mumanyamula kambale ka ufa ndi kupita kusiwa. Ndipo kumanda, adzukulu atatha ntchito yawo, mmodzi wa akubanja amaimirira ndi kulengeza kuti amene anakongola kwa malemu, ndi amenenso malemu anakongola kwa iye, abwere aonekere, kuti munthu agone wopanda mangawa. Mwambo umenewu ndiwo ndifuna kutsata pokumbukira Samora Moisés Machel, mtsogoleri woyamba wa Mozambique womasuka, amene anafera pa phiri la ku Mbuzini usiku wa pa 19 Okutobala 1986, dziko lake lili m'kati mwa nkhondo yapachiweniweni.

Anabadwa pa 29 Sepitembala 1933 m'mudzi wa Chilembene, m'chigwa cha mtsinje wa Limpopo, m'chigawo cha Gaza.  Makolo ake anali alimi, ndipo anaona ndi maso zimene agogo athu anathawa: kukakamizidwa kulima thonje logula boma pa mtengo wodulira lokha, ndi kulandidwa nthaka yachonde kuti ipatsidwe kwa atsamunda ochokera ku Portugal. Mbale wake wina anafera ku migodi ya ku Joni, monga anafera ana ambiri a ku Mulanje kuno amene anapita pa Wenela osabwerako. Samora anaphunzira unamwino pa chipatala cha Miguel Bombarda mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Ndipo ndikhulupirira kuti munthu amene ayamba moyo wake ndi kutsuka mabala a osauka, naona kuti namwino wakuda alandira zochepa kuposa mzungu wogwira ntchito yomweyo, sasowanso buku lomuuza chimene utsamunda uli.

M'chaka cha 1963 anasiya chipatala, nadutsa ku Swaziland ndi ku Botswana mpaka ku Dar es Salaam, kumene chipani cha Frelimo chinali chitangobadwa chaka chapitacho pansi pa Eduardo Mondlane. Anakaphunzira usilikali ku Algeria. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964. Pofika 1966 iye ndiye anali mkulu wa ankhondo. Ndipo Mondlane ataphedwa pa 3 Febuluwale 1969 ndi bomba lobisidwa m'phukusi la buku, chipani chitagwedezeka ndi mikangano ya m'nyumba, Samora anasankhidwa kukhala mtsogoleri m'chaka cha 1970. Mkazi wake Josina anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali mtsikana ndithu, ndipo tsikulo mpaka lero ndilo tsiku la amayi m'dziko lonse la Mozambique. Boma la ku Lisbon litagwetsedwa ndi asilikali ake omwe pa 25 Epulo 1974, pangano la ufulu linasainidwa ku Lusaka pa 7 Sepitembala, ndipo pa 25 Juni 1975, atayenda ulendo wolankhula ndi anthu kuyambira ku mtsinje wa Rovuma mpaka kummwera, namwino uja analengeza ufulu wa dziko lake m'bwalo la masewera la Machava.

Tsono tiyambe ndi zimene dziko lake, ndi Africa yense wa kummwera kuno, anakongola kwa iye. Analandira dziko limene Apwitikizi anachokamo mwaunyinji, akusiya zipatala zopanda madokotala, njanji zopanda amisiri, ndi anthu oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse osadziwa kulemba dzina lawo. Ndipo m'zaka zoyambazo, mothandizana ndi mkazi wake wachiwiri Graça, amene anali nduna ya maphunziro, sukulu zinatsegulidwa m'midzi imene sinaonepo choko, ndi katemera anafika kumene sikunafikepo galimoto. Akanatha kukhala chete n'kumamanga nyumba yake. Koma pa 3 Malichi 1976 anatseka malire ndi Rhodesia wa Ian Smith, podziwa bwino lomwe kuti madoko a Beira ndi Maputo ankadyera katundu wa dzikolo, napereka nkhalango za Tete ndi Manica kwa ankhondo a ku Zimbabwe kuti zikhale pothawira pawo. Anapatsanso malo ana a ANC othawa tsankho. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Iye anazimira ndi manja ake, ndipo moto unagwira denga la nyumba yake.

Pakuti nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, ngakhale anafamo ndi ana a mimba imodzi, mbewu yake inafesedwa ndi mlendo. Gulu la Renamo linaumbidwa ndi akazitape a Rhodesia, amene mkulu wawo anali Ken Flower. Mtsogoleri woyamba wa gululo anali André Matsangaissa, amene anaphedwa ku Gorongosa mu 1979, ndipo n'chifukwa chake abale athu a tsidya lija ankangoti kwabwera Matsanga. Pambuyo pake anatsogolera Afonso Dhlakama, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, asilikali a boma la tsankho la South Africa analitola gululo ngati mwana wamasiye, nalidyetsa mfuti. Sukulu zija zinatenthedwa, zipatala zija zinagumulidwa, milatho inadulidwa, ndipo anthu anadulidwa makutu ndi milomo kuti akhale kalata yoyenda yoopseza anzawo. Pa 16 Malichi 1984 Samora anachita chinthu chimene chinawawa anzake ambiri: anakhala pansi ndi P. W. Botha wa ku South Africa m'mphepete mwa mtsinje wa Nkomati, nasainirana kuti wina asasunge adani a mnzake. Ena anamunena kuti wagulitsa nkhondo ya anthu akuda. Ine ndimaona pamenepo ukulu wake woposa wa pabwalo la Machava, chifukwa kukweza mbendera anthu akuomba m'manja n'kosavuta, koma kumeza manyazi pamaso pa mdani kuti ana a eni ake aleke kufa, n'kwa amuna owerengeka. Iye anasunga mbali yake ya pangano. Ndipo mu Ogasiti 1985, likulu la Renamo ku Gorongosa litagwa, munapezeka makalata osonyeza kuti anzake aja sanaleke kutumiza zida ngakhale atasaina.

Koma ndikadalekera pomwepa ndikadakhala mboni yonama, ndipo m'khamu lino muli amayi amene anabadwira ku Milange ndi ku Gurué amene akadandiyang'ana ndi diso lakuthwa. Malemu nayenso anali ndi mangawa kwa anthu ake. Boma lake linachotsa mafumu pa mipando yawo, powayesa atumiki a Mpwitikizi, osalingalira kuti mudzi wopanda mfumu usowa poweruzira ngakhale mlandu wa nkhuku. Linanyoza asing'anga ndi miyambo ya makolo, nililanda sukulu ndi zipatala za mipingo. Linasamutsa alimi kuwachotsa pa minda ndi pa manda a makolo awo, ndi kuwaunjika m'midzi ya boma. Linatsegula misasa yoti n'kuwongolera anthu maganizo, ku Niassa ndi kwina, kumene ena, monga mbusa Uria Simango amene anali wachiwiri kwa Mondlane, ndi mayi Joana Simeão, analowa osatulukanso. M'chaka cha 1983 chikoti chinabwezedwa m'malamulo, ndipo anthu a m'mizinda opanda chiphaso cha ntchito anakwezedwa ndege ndi kukatayidwa kumpoto kuti akalime. Mlendo ndiye anabwera ndi moto, inde; koma udzu wouma umene motowo unayakira, wina anaumweta ndi Frelimo yemwe. Mfumu yochotsedwa ndi mlimi wosamutsidwa sanafune kunyengereredwa kawiri pamene munthu wamfuti anawalonjeza kuwabwezera zawo.

Ndifike tsopano pa mlandu wa pakati pa iye ndi ife, umene akulu ambiri pano aukumbukira koma sanaukambepo pabwalo, chifukwa masiku amenewo munthu unkayamba wayang'ana uku ndi uku usanatchule dzina la mtsogoleri aliyense. Dziko lathu, pansi pa Dr. Kamuzu Banda, linali lokhalo mwa maiko olamulidwa ndi anthu akuda limene linali ndi ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira mu 1967, ndipo m'nthawi ya Apwitikizi linasankha Jorge Jardim, mzungu wamphamvu wa ku Beira, kuti aliimire mumzindawo. A ku Maputo sanaiwale zimenezi. Nkhondo itakula m'zigawo za Zambézia ndi Tete, iwo anati Renamo ikudutsa ndi kubisala m'Malawi. Boma lathu linakana kwamtuwagalu. Pa 11 Sepitembala 1986 Samora anafika ku Blantyre pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzakumana ndi Dr. Banda maso ndi maso, ndipo atabwerera kwawo ananena pamaso pa atolankhani kuti adzatseka malire, ndi kuti adzaika mizinga yoloza kuno. Taganizani, ana inu, mizinga kuseri kwa phiri ili, kuloza ku Muloza, ku Limbuli, ku Chitakale! Sitinagone tulo tabwino mwezi umenewo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti nkhondo yomweyo imene ankatinenera inali kutidya ifenso, pakuti njanji za ku Beira ndi ku Nacala, zimene zinali m'mero wa dziko lathu, zinali zitafa, tiyi wathu ndi fodya n'kumazungulira mpaka ku Durban, ndi madalaivala athu n'kumadutsa msewu wa Tete pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali, atatsanzikana ndi ana awo ngati opita kosabwerera.

M'masabata otsatira matauni a m'malire, Milange pamodzi ndi Mutarara, anagwa m'manja mwa Renamo, ndipo anthu anasefukira kuno ngati madzi a Likhubula mvula ikagwa kumtunda. Ine nthawiyo ndinali mphunzitsi wachinyamata. Madzulo ena anafika pakhomo pa agogo anga mayi wina atavala chiguduli, mwana kumbuyo atam'bereka ndi nsalu ya khungwa la mtengo, pamutu atasenza mphika wobooka umene sindidziwa chimene anaunyamulira mtunda wonsewo. Mapazi ake anali atang'ambika ngati nthaka ya mwezi wa Okutobala. Agogo anamulonjera m'Chilhomwe, ndipo mayiyo, amene sanalire panjira ponse, atamva chinenero cha kwawo anagwetsa misozi. Chimene anapempha poyamba sichinali nsima, koma mchere. Anauthira pachikhatho, nanyambita, napatsako mwana, nati papita miyezi yambiri osaulawa. Nditamufunsa kuti anatentha mudzi wawo ndani, a boma kodi kapena a m'tchire, anandiyang'ana monga ayang'anira mwana wofunsa zopusa, nati ena amabwera usiku, ena usana, ndipo onse amafuna ufa. Mayi ameneyo anakhala nafe zaka zisanu ndi chimodzi, akulima kadimba m'mphepete mwa mtsinje. Mwana wake uja anagona m'manda a mudzi wathu.

Otere anafika miyandamiyanda. Misasa inamangidwa ku Muloza ndi ku Chiringa, ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko lathu laling'onoli linali kusunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Ngati atsogoleri athu anali ndi ngongole kwa Samora, ndinena molimba mtima kuti amayi a m'midzi ya m'malire anabwezako gawo lalikulu ndi chipande chawo, osadziwa n'komwe kuti akubweza ngongole.

Lamulungu, pa 19 Okutobala 1986, Samora anapita ku Mbala, kumpoto kwa Zambia, kumene pamodzi ndi Kaunda ndi José Eduardo dos Santos wa ku Angola anakakumana ndi Mobutu wa ku Zaire, pa nkhani yonga yomwe anadzera ku Blantyre, ya mnansi wotsegulira adani chipata. Pobwerera usiku, ndege yake ya mtundu wa Tupolev 134, yoyendetsedwa ndi anthu a ku Soviet Union, itayandikira Maputo inakhotera kudzanja lamanja nthawi yokhota isanakwane, ndipo itangopitirira 9 koloko inawomba mapiri a Lebombo pa Mbuzini, m'kati mwa South Africa, pafupi ndi pokumanira malire a maiko atatu. Anthu 35 anataya miyoyo. Mwa iwo munali Aquino de Bragança, mlangizi wake, amene zaka zinayi m'mbuyomo anavulala m'chipinda chimene Ruth First anaphedweramo ndi bomba la m'kalata pa yunivesite ya ku Maputo. Ife tinamva pa wailesi mawa lake, ndipo tinangoyang'anana. Kunja kwa dziko lino mkwiyo unagwera ife, achinyamata a ku Maputo nagenda ofesi ya kazembe wathu, a ku Harare nawononga ofesi ya ndege zathu.

Anamupha kodi, kapena inali ngozi? Bungwe lofufuza la South Africa, lotsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo, linati olakwa ndi oyendetsa ndege, amene sanatsate malamulo a katsikidwe ndipo sanamvere belu lowachenjeza kuti nthaka yayandikira. A ku Soviet Union anakana, nati ndegeyo inasocheretsedwa dala ndi chida chonama chotumiza chizindikiro cha wailesi, chimene chinaikidwa kuti chiikokere kumapiri. Bungwe la Choonadi ndi Chiyanjano la Bishopu Desmond Tutu, m'lipoti lake la 1998, silinagamule, koma linati mafunso otsala ngofunika kuwafufuzabe. Ndipo maboma a South Africa womasuka alonjeza kangapo kutsegulanso nkhaniyi. Kuweruza kwanga ine n'kwakuti boma limene linapha Ruth First ndi kalata, nilitumiza asilikali kukapha anthu ku Matola mu 1981, nilithyola pangano la Nkomati inki isanaume, silingadandaule anthu akalikayikira. Fisi wodziwika akapezeka pafupi ndi khola mbuzi itafa, mudzi suyamba ndi kufunsa za matenda a mbuzi. Mlandu suola. Ndipo ife Amalawi, kuyambira pa 10 Juni 2024 pamene ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko Dr. Saulos Chilima ndi anzake asanu ndi atatu, tidziwa tsopano m'mafupa mwathu kulemera kwa maliro amene anthu abalalika kumanda mafunso akadali pakamwa.

Samora anaikidwa ku Maputo pa 28 Okutobala 1986, m'manda a ngwazi za dzikolo, pafupi ndi Mondlane ndi Josina. Dzina lake lapakati linali Moisés, ndipo monga mwini dzinalo wa m'Malembo, anatulutsa anthu m'nyumba ya ukapolo, nayenda nawo m'chipululu, nakwiya, nalakwa, nafera paphiri osaponda dziko la mtendere. Amene anaolotsa anthu ndi Joaquim Chissano, wolowa m'malo mwake, munthu wofatsa mawu, amene mu Disembala 1986 boma lake linapangana ndi lathu za chitetezo, kotero kuti chaka chotsatira asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala, ena nafera komweko. Ndiyenso amene pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Rome, mothandizidwa ndi akhristu a Sant'Egidio, anagwirana chanza ndi Dhlakama, nkhondo itadya anthu pafupifupi 1 miliyoni. Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dziko limene Chissano analiyanjanitsa, lokhala ndi dzina limodzi kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo, la Mmakua ndi Msena ndi Mnyanja ndi Mshangana, analiumba m'mitima ya anthu ndi Samora, ndi liwu lake lija logwedeza bwalo. Ndipo nkhondo ya zaka 16 inalephera kuligawa pakati.

Ku Mbuzini lero kuli chipilala chimene Nelson Mandela ndi Chissano anatsegula pa 19 Januwale 1999, Mandelayo ali kale mwamuna wa Graça: mipope yachitsulo 35, umodzi pa munthu aliyense, yoimikidwa pamalo pamene ndege inagwera, yobooledwa mwakuti mphepo ikaomba imalira. Ife kuno tilibe chitsulo chotere, ndipo sindinabwere kudzapempha chopereka cha simenti. Koma m'manda a midzi yathu, kuyambira kuno ku Chambe mpaka ku Muloza, muli mitumbira ya anthu a tsidya lija amene anafera kuno m'zaka za nkhondo, yopanda mtanda, yopanda dzina, imene akuidziwa ndi agogo okha amene anaphika nsima ya adzukulu tsiku limenelo. Ndipo agogowo akutha mmodzimmodzi. Mafumu athu, ndagwira mwendo wanu: lolani ana a sukulu awa ayende ndi makope m'midzi mwanu, akhale pansi ndi achikulire, alembe dzina la aliyense wa alendo aja, mudzi umene anachokera ndi pamene anagona, ndipo makopewo asungidwe kwa mfumu ndi ku tchalitchi, kuti wachibale akadzaoloka Muloza kudzafunsa, tidzamutengere pamalo pake penipeni. Aphunzitsi anzanga, ntchitoyi iyambe mvula isanagwe, udzu usanaphimbe mitumbira.